Kodi Alan Hansen anali katswiri pabwalo kapena pakamwa pokha?

Mwana wa dzulo:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ine Alan Hansen ndimangomudziwa ngati bambo uja wa chipsera pamphumi amene ankadzudzula osewera kumbuyo pa pulogalamu ya mpira ya Match of the Day pa kanema wa BBC. Dzina lake likatchulidwa, anthu amangoseka zakuti adanena kuti sungapambane kanthu ndi ana. Kodi iyeyo mpira ankautha, kapena ndi aja odziwa kuyankhula basi?

Mdala wa Liverpool:
Mwanawe, funso lakoli landipweteka. Hansen adabwera ku Liverpool mu 1977 kuchoka ku Partick Thistle ya kwawo ku Scotland, nthawi ya mphunzitsi Bob Paisley. Pomwe ankasiya mu 1991 maondo atamukana, anali atatenga ligi ka 8 ndi European Cup katatu, mu 1978, 1981 ndi 1984. Mu 1986, pomwe timu idatenga ligi ndi FA Cup pamodzi, kaputeni anali iyeyo.

Koma zikho si zimene ndimamukumbukira nazo. Masiku amenewo wosewera kumbuyo ku England akalanda mpira ankangoumenyera kutsogolo, ukagwere komwe ukagwere. Hansen ayi. Ankauimitsa, n'kudzutsa mutu, n'kuyamba kuyenda nawo pang'onopang'ono mpaka kudutsa pakati pa bwalo, adani akubwerera chammbuyo osadziwa kuti amutseke ndani. Zogwa pansi polanda mpira sankazikonda, ankaona msanga komwe mpira ukupita n'kukaudikira komweko. Iye ndi Mark Lawrenson akaima kumbuyo, goloboyi ankachita kuzizidwa. Ndiye pakanema akamakalipa kuti wina watchinga moipa, ankanena za ntchito yomwe iye mwini adaigwira bwino.

Sapota wa United:
Mdala, zonsezo tavomera, koma za ana zija adanenadi. Munali mu Ogasiti 1995, titakwapulidwa 3-1 ndi Aston Villa, mphunzitsi wathu Alex Ferguson atangogulitsa Paul Ince ndi Mark Hughes, Kanchelskis nayenso ali pafupi kuchoka. Anawo ndi Beckham, Scholes, Butt ndi apachibale a Neville. Sizoni itatha tidanyamula ligi ndi FA Cup, ndipo mufainolo tidagonjetsa Liverpool yanu yomweyo 1-0.

Mdala wa Liverpool:
Chigolicho adagoletsa ndani, achimwene? Cantona. Anali mwana? Nanga Schmeichel, Pallister, Bruce, Irwin? Ana adasewera, inde, koma atazunguliridwa ndi madoda. Hansen sadaphonye kwambiri monga mumanenera.

Mayi wokonda mpira:
Chomwe chimandidabwitsa ine n'chakuti munthu wotereyu timu ya dziko lake adangoisewerera ka 26. Ku World Cup ya 1982 ku Spain adawombana ndi mnzake Willie Miller polimbirana mpira umodzi, Shengelia wa Soviet Union n'kuthamanga yekhayekha kukagoletsa. Adafanana mphamvu 2-2, Scotland n'kutuluka. Kenako mu 1986, chaka chomwe chija adakweza zikho ziwiri, adasiyidwa paulendo wa ku Mexico. Womusiyayo? Alex Ferguson yemweyo, amene adagwirizira timu ya Scotland mphunzitsi wake Jock Stein atamwalira, ndipo adadalira Miller ndi McLeish, anyamata ake a ku Aberdeen.

Pa Match of the Day Hansen adakhalapo kuyambira 1992 mpaka World Cup ya 2014. Mwana wa dzulo, fufuza masewero a Liverpool a m'ma 1980 uone wovala nambala 6.