Kodi WhatsApp imabisadi zimene timakambirana?

Kachewere_Lizulu:
Abale, ndithandizeni. Kuno ku Lizulu tili ndi gulu la pa WhatsApp lolondoloza ndalama za chitukuko cha m'dera lathu. Ena asiya kulemba, ati boma limawerenga chilichonse. Ena akuti pali encryption, palibe angaone kanthu. Zoona ndi ziti? Nanga foni ikalandidwa pa rodibuloko zimatha bwanji?

Wokonza_Mafoni_Dedza:
Achimwene, onsewo akunena zoona mbali imodzi. Kuyambira 2016, uthenga wa pa WhatsApp umatsekedwa pa foni yanu n'kukatsekulidwa pa foni ya wolandira basi, ndiyo encryption imene akunenayo. TNM, Airtel ngakhale eni ake a WhatsApp sangawerenge mawuwo ali pa njira. SMS ndi kuimba kwa wamba zilibe chitetezo chimenechi, choncho nkhani zobisika musazidutsitse kumeneko.

Koma zimabisika ndi za m'kati mwa uthenga zokha. Kampani ya netiweki imadziwa nsanja imene foni yanu yalumikizako ndi nthawi yake, ndipo nambala yanu munailembetsa ndi chiphaso chaunzika. WhatsApp nayo imasunga nambala yanu, magulu amene mulimo ndi nthawi imene mumailowa. Signal, pulogalamu ina yotumizirana mauthenga ngati WhatsApp, imasunga zochepa kwambiri: tsiku limene munalembetsa ndi limene munalumikiza komaliza.

Pamene ambiri amagwera ndi pa backup. Macheza anu akamasungidwa ku Google Drive, satsekedwa ndi kiyi wanuwanu pokhapokha mutayatsa nokha. Lowani Settings, Chats, Chat backup, kenako End-to-end encrypted backup, muikepo pasiwedi. Mukaiwala pasiwediyo foni n'kutayika, macheza apita, palibe wokubwezerani. Onaninso Linked devices; mukapeza kompyuta yomwe simukuidziwa, itulutseni pompo. Ndipo amene ali ndi GB WhatsApp (yopangidwa ndi anthu ena, osati eni ake a WhatsApp) m'gulu lanulo aichotse, chifukwa palibe akudziwa zomwe anaikamo oipangawo.

Mayi_a_Maneti:
Ndionjezere pa za rodibuloko. Foni ikakhala yotsegula m'manja mwa munthu wina, encryption ya WhatsApp ilibenso ntchito, amangowerenga ngati mwini wake. Chimakutetezani apo ndi loko wa foniyo. Mafoni amene anatuluka ndi Android 10 kupita m'tsogolo amatseka okha zonse za m'kati, koma kulimba kwake kumadalira PIN yanu. Ya manambala 4 ili ndi njira 10,000 zokha. Ya manambala 6 ili ndi 1,000,000. Pali makina opangidwira kuyesa ma PIN, ngati a kampani ya Cellebrite, ndiye ndibwino mawu aatali osakaniza zilembo ndi manambala. Chaka chobadwa ayi, chili pa chiphaso chanu chomwecho. Patani ya L kapena Z ija imaoneka ndi mafuta a chala pagalasi.

Chala ndi nkhope n'zosavuta kukakamiza. Mukaona kuti zinthu sizili bwino, zimitsani foni kotheratu. Ikayatsidwanso imafuna PIN kaye, ndipo isanatsegulidwe koyamba makiyi otsegulira za m'kati mwake amakhala asanatuluke, n'chifukwa chake imavuta kwambiri kuithyola. Memori khadi nthawi zambiri siitsekedwa, munthu amangoizula n'kuiika mu foni ina. Zithunzi za malisiti ndi zikalata musasunge mmenemo. Bisaninso mauthenga kuti asamaoneke pagalasi foni ili yokhoma.

Kachewere_Lizulu:
Zikomo amayi. Wina akuti tisamukire ku Telegram, kapena tiike VPN.

Wokonza_Mafoni_Dedza:
Telegram ayi. Magulu ake alibe encryption ya foni ndi foni, ili mu Secret Chat mokha, ya anthu awiri. VPN imabisira netiweki masamba amene mukutsegula, koma a VPN-wo ndiye amaona zimenezo, ndipo zaulerezi zambiri n'zosadalirika. Mukafuna kusamuka, pitani ku Signal.

Paralegal_Ntcheu:
Bambo, Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi zolankhulana pa lamya. Kutseka foni yanu si mlandu. Wapolisi akafuna kuifufuza, funsani mwaulemu ngati ali ndi chikalata cha khoti, lembani dzina lake ndi polisi imene akuchokera, ndipo pemphani loya kapena a Legal Aid Bureau. Osalimbana naye, komanso osayamba kufufuta zinthu mlandu utatsegulidwa kale, zimenezo zingakuonjezereni wina.

Komabe anthu amangidwapo m'dziko muno chifukwa cha zolemba za m'magulu a WhatsApp, pogwiritsa ntchito lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Kuti uthenga wa m'gulu utuluke sipafunika kuthyola encryption, membala mmodzi kujambula screenshot n'kokwanira. Mauthenga ozimiririka okha pakatha maola 24 kapena masiku 7 amachepetsa zopezeka mu foni yolandidwa, koma screenshot sangailetse. Ndiye admin aletse kulowa kudzera pa link, aliyense wolowa akhale wodziwika maso ndi maso, ndipo nambala ya munthu amene wataya foni ichotsedwe tsiku lomwelo. Aliyense ayatsenso Two-step verification, yomwe ndi PIN yapadera ya WhatsApp, kuti wina akatenga nambala yake pa SIM ina asalowe m'gulumo m'dzina lake. Mayina a anthu okutsinani khutu asalembedwe m'gulu lalikulu. Amenewo akhale ndi anthu awiri kapena atatu a komiti, pa Signal.