Timiyala tonyezimira tikungothothoka pa diresi, nditani?

Telala wa ku Ndirande: Amayi anzanga thandizeni. Ndasokera mtsikana wovina pa siteji diresi la chitenje, pachifuwa ndamata ma rhinestone, timiyala tonyezimira tija, ndi guluu wa m'golosale. Angovina kamodzi, theka lagwa. Loweruka akuvinanso.

Nachisale: Guluu wamba akauma amalimba, ndiye nsalu ikamapindika timiyalato timadumpha. Gulani ta hotfix, tili kale ndi guluu kunsi kwake. Mumayika kansalu kopyapyala pamwamba n'kudinikiza ndi simbi yotentha, osakhwekhwereza, komanso osathira nthunzi. Koma chitenje chatsopano muyambe mwachichapa achemwali, chija chimakhala ndi sitachi, guluu sagwira. Ta galasi timawala kuposa ta pulasitiki ngakhale timalemera. Makampani a Swarovski ku Austria ndi Preciosa ku Czech ndiwo eni ake a timiyala ta galasito, koma mtengo wake, ayi ndithu, pa diresi la usiku umodzi musadzivute.

Wovina wa ku Area 25: Ife ovina timakonda tosokerera, tija tokhala ndi timabowo. Thukuta ndi kugwedeza chiuno guluu salimba nazo. Chonde m'khwapa ndi m'mbali musayikemo kanthu, timakanda mikono mpaka kutupa.

Nachisale: Ndaiwala, ngati pali ma sequin, aja ozungulira, opyapyala ndi onyezimira, simbi isayandikire, ndi pulasitiki, amapindika n'kuthima. Amenewo sokani, ulusi muzimanga pafupipafupi kuti ukaduka usathothole mzere wonse. Pochapa mulitembenuze, madzi ozizira, pamanja, osafinya.

Telala wa ku Ndirande: Zikomo amayi. Mawa ndilawirira ku Limbe kukafuna tosokererato.