Abwerera ku mapira ndi khobwe, koma akudandaula m'mimba

Mlangizi wa zakudya: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Gulu la alimi limene ndikugwira nalo ntchito linabwerera ku mbewu zamakolo, mapira, mawere ndi khobwe. Mbewu akusunga okha, ndipo ng'amba sinawagwetse. Koma ambiri akuti m'mimba mukudzaza mpweya, zakudyazi sizikuwayanja, bola ufa woyera wogula uja. Ndiwauze chiyani?

Namwino: Yambani mwafunsa ngati pali wotsegula m'mimba kosalekeza, woona magazi m'chimbudzi kapena woonda. Ameneyo apite kuchipatala. Ngati ndi mpweya chabe, si matenda. Khobwe ndi nyemba zili ndi shuga wotchedwa raffinose amene thupi siligaya. Amakafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya abwino n'kumudya, mpweya n'kutuluka. Wozolowera ufa woyera ndiye amamva kwambiri. Ayambe pang'onopang'ono, azimwa madzi okwanira, pakatha masabata angapo ambiri amazolowera.

Mlangizi wa ulimi: Nanga akuphika bwanji, mayi? Ndimaona ambiri akungotsuka khobwe wouma n'kutereka. Aviike usiku wonse, madziwo ataye, aphike ndi ena mpaka afewe, osati kumalumika pakati. Nkhuni zimapulumukanso.

Mlangizi wa zakudya: Zoviikazo sachita. Akuti mphamvu imapita ndi madzi.

Mphunzitsi wa kadyedwe: Imapita yochepa, phindu ndiye lalikulu. Mapira ndi mawere ali ndi phytate, amene amamanga ayironi ndi zinki kuti thupi lisazitenge bwino. Kumeretsa chimera ndi kusasitsa phala kumamuchepetsa. Agogo awo ankadziwa zimenezi. Ife alangizi timabweza mbewu, kaphikidwe n'kukasiya m'mbuyo. Mapira ofiira ena ali ndi tannin wambiri, amenenso amamanga ayironi ndipo amapezekanso mu tiyi, choncho amayi oyembekezera asamwerenso tiyi pa chakudya chomwecho. Paja bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2023 linati wamkulu azipeza magalamu osachepera 25 a faiba (gaga wa m'zakudya) patsiku, ndipo ufa woyera wokha sungamufikitse pamenepo.

Mlangizi wa ulimi: Ine ndingawaletseretu ufa wogulawo.

Namwino: Ayi achimwene, pamenepo sindikuvomerezani. Zimene bungwe la alimi ang'onoang'ono a padziko lonse la La Via Campesina linatulukira nazo ku Rome mu 1996 n'zoti alimi azisankha okha cholima ndi chodya. Tikayamba kuletsa, tawalanda ufulu womwewo. Asakanize, mapira azichulukira pang'onopang'ono.

Mlangizi wa zakudya: Ndamva. Pagulupo pali agogo awiri odziwa chimera, ndiwapempha kuti phunziro la sabata yamawa atsogolere ndi iwo. Kwa ana aang'ono, phala la chimeralo tilisefe kapena ayi, a namwino?

Namwino: Sefani, gaga wambiri amadzaza kamimba mwana asanakhute. Ndipo akhale atakwanitsa miyezi 6.