Chinyontho m'munsi mwa khoma la galaja: tiyambire kunja kapena m'kati?

Akuluakulu omanga, thandizeni nzeru. Galaja ili ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, ya njerwa zootcha, ndipo pomanga sanayale pepala la pulasitiki loletsa chinyontho pamwamba pa maziko. Mvula ikakhazikika mu Januwale khoma limanyowa kuchokera pansi kufika masentimita 40, pulasitala amafumbutuka, pamatuluka zoyera ngati mchere. Dothi la kunja lakwera kuposa simenti ya m'kati ndi masentimita 10, madzi a padenga amagwera m'tsinde mwa khoma momwemo.

Maganizo alipo ndi awa. Kukumba dothi kuti litsike masentimita 15 pansi pa simenti ya m'kati, kupaka phula kawiri kunjako, kenako kuthira khonde la konkire la mita imodzi lotsetsereka masentimita 2 kuti madzi azithawira m'ngalande. M'kati, kugumula pulasitala kupitirira pamene chinyontho chalekezera ndi masentimita 30, khoma liume m'chilimwe chonse, ndiye kupakanso ndi muyeso umodzi wa simenti pa itatu ya mchenga wa kumtsinje wosefa bwino.

Pamene pavuta ndi apa: popeza njerwa zimayamwa madzi kuchokera m'maziko, pulasitala wolimba chotere sangokankhira chinyonthocho m'mwamba? Penti wa mafuta ndiye ayi, amatsekera madzi m'kati n'kutukusira.

Nanga alipo amene anadulapo khoma lomanga kale, mita imodzi imodzi modumphadumpha, n'kulowetsa pulasitikiyo? Khoma la njerwa imodzi lingapirire osang'aluka?