Tsamba lathu la alimi alitseka, kodi tisamukire ku Mastodon?

Mlimi wa ku Bangula:

Akuluakulu a m'gulu muno, ndakupatsani moni nonse. Ndili ndi funso, ndipo amene mumazidziwa zinthuzi mundiyankhe mofatsa.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, ine ndi anzanga awiri tinatsegula tsamba la pa intaneti loti alimi akuno kuchigwa tizidziwitsana zinthu. Poyamba inali nkhani ya madzi yokha. Wina ku East Bank akaona Ruo wayamba kufiira ndi kukwera, ankalemba, ife akumunsi n'kuyamba kukweza mbuzi kumtunda. Kenako tinayamba kuuzana mitengo: chitowe chikupita bwanji, thonje agula zingati, ng'ombe zayenda bwanji pa msika wa Ngabu. Mavenda anasiya kutipusitsa chifukwa mtengo tinkaudziwa tisananyamuke pakhomo.

Lachiwiri lapitali ndikutsegula foni m'mawa, ndangopeza uthenga woti tsamba latsekedwa, eti taphwanya malamulo. Lamulo lake liti, sananene. Ndadandaula kawiri konse, koma akundiyankha ndi makina. Kampani yake sinditchula. Chimene chikundipweteka kwambiri ndi zithunzi. Pali agogo ena a ku Makhanga amene mdzukulu wawo anajambula nyumba yawo madzi ali m'mawindo, kutatsala tsiku limodzi kuti igwe. Foni ya mwanayo inatayika, chithunzi chinatsala patsamba pathu pokha. Dzulo agogowo atumiza uthenga kufunsa ngati chilipo, ndipo ndasowa chowayankha.

Mwana wa achemwali anga amene akuphunzira ku Blantyre akuti tisamukire ku masamba ena a mchezo otchedwa Mastodon kapena Bluesky, akuti kumeneko kulibe mwini mmodzi woti n'kukutsekera. Kodi chinthu chopanda mwini chimayenda bwanji? Chimadya bandulo yotani? Ndipo pa ziwirizi chotiyenera ife ndi chiti?

Wokonza mafoni ku Nchalo:

Pepani achimwene ndi zimene zakuonekeranizo. Mwana wa achemwali anuyo wanena zoona, koma theka. Mwini alipo, kungoti eni ake ndi ambiri.

Mastodon anaiyambitsa Eugen Rochko, wa ku Germany, mu 2016. Pulogalamu yake ndi yaulere, aliyense akhoza kuiika pa seva yake (kompyuta yosunga ndi kuyendetsa tsamba pa intaneti) n'kumalandira anthu. Ndiye ma seva alipo ochuluka, iliyonse ndi admin wake ndi malamulo ake, koma onse amamvana chifukwa amalankhulana m'njira imodzi yotchedwa ActivityPub, imene inakhazikitsidwa mu 2018. Taganizani za foni: inu muli pa TNM, ine pa Airtel, koma timaimbirana bwinobwino. Dzina lanu kumeneko limakhala ndi zigawo ziwiri ngati imelo, loyamba lanu, lachiwiri la seva imene mwalembetsako.

Admin wa seva yanu akhoza kukutsekani ndithu. Kusiyana kwake n'koti mukaona kuti simukugwirizana naye, mumasamukira ku seva ina ndipo anthu amene amakutsatirani amapita nanu. Koma imvani apa: zimene munalemba kale sizisamuka, zimatsala kwakaleko. Pali poti mumatsitsa zonse zanu n'kusunga, ndiye muzichita zimenezo kawirikawiri. Ndiponso kusamukako kumatheka akaunti ikadali yamoyo, osati atakutsekani kale.

Mayi wogulitsa mbuzi ku Ngabu:

Bambo, ine ndinali pa tsamba lanulo ndipo landithandiza kwambiri. Koma ndinene zoona, kumene mukufuna kupitako ine sindingakutsatireni. Bandulo imene ndimakwanitsa ndi ija yotchipa ya WhatsApp ndi Facebook, ndipo imeneyo kwinako sigwira. Kuti ndigule data ya intaneti yonse sabata iliyonse, phindu la mbuzi lithera momwemo. Chinanso, anzanga ambiri pamsika salemba, amatumiza mawu m'Chisena. Mukawauza za seva, imelo ndi pasiwedi yatsopano, angokuyang'anani.

Mphunzitsi wa ku Chikwawa Boma:

Mayiwa agunda pamutu pa nkhani. Ndiwonjezere za Bluesky poti ndimaigwiritsa ntchito. Inatsegukira aliyense mu Febuluwale 2024, ndipo kulembetsa kwake n'kosavuta kuposa Mastodon chifukwa sikuvutitsa ndi zosankha seva. Koma pa chifukwa chomwecho anthu ambiri ali pa ma seva a kampani imodzi yomweyo, choncho ufulu umene mukuufunawo kumeneko ndi wocheperako. Ili ndi njira yakeyake yolumikizirana, AT Protocol, ndipo simvana mwachindunji ndi Mastodon. Uthenga umodzi sudutsa zilembo 300, pamene ma seva ambiri a Mastodon amalola 500.

Zonse ziwiri zinapangidwa mofanana ndi Twitter. Gulu lotsekeka ngati lino, loti admin azivomereza olowa, musaliyembekezere. Mumangotsegula akaunti imodzi ya alimi, anthu n'kumaitsatira, kapena mumagwirizana hashtag imodzi, mawu oyamba ndi # oti aliyense aziika pa zolemba zake. Ubwino wa Mastodon ndi woti zolemba zimabwera motsatana ndi nthawi, palibe makina osankha zoti muone, ndipo mulibe zotsatsa malonda. Pa nkhani ya mitengo zimenezi n'zabwino, chifukwa mtengo wa lero umaoneka lero.

Wokonza mafoni ku Nchalo:

Ndinaiwala ziwiri. Choyamba, mauthenga a awiri pa Mastodon si obisika ngati a pa WhatsApp kapena Signal, admin wa seva akafuna akhoza kuwawerenga. Za ndalama ndi manambala a foni a anthu musalembe m'menemo.

Chachiwiri ndi kasankhidwe ka seva. Yang'anani imene yakhalitsa ndipo inalonjeza kutsata pangano lotchedwa Mastodon Server Covenant. M'menemo muli zoti azisunga makope a zinthu tsiku ndi tsiku, pakhale munthu winanso wotha kulowa mu seva admin akadwala kapena akasowa, ndiponso azichenjeza anthu kutatsala miyezi itatu ngati akutseka. Werenganinso malamulo awo pa nkhani ya zilankhulo. Wina akakunenezani pa zimene mwalemba m'Chichewa kapena m'Chisena, admin wa kunja aweruza bwanji mawu amene sakuwamva? Mulembereni kaye musanalowe, muone ngati amayankha ngati munthu.

Wina akuuzani kuti mukhale ndi seva yanuyanu. Kuiika panyumba kuno ayi, kutentha kwathu kuno ndi magetsi sizilola. Mukukumbukira mdima umene tinakhala nawo namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Kubwereka seva kunja kumafuna madola mwezi uliwonse ndi munthu woisamalira osatopa.

Agogo a ku Tengani:

Mwana wanga, mitengo ya chitowe ikani kulikonse kumene mwakonda. Koma za madzi musazipachike pa intaneti yokha. Nthawi ya Freddy kuno netiweki inasowa, mafoni anazima opanda potchaja. Chimene chinadzutsa anthu usiku ndi wenzulo ndi kukuwa kwa anyamata a komiti ya ngozi m'mudzi. Manambala a anthu a kumtunda kwa mtsinje muwalembe m'kope, kopelo mulikulunge m'pulasitiki.

Mlimi wa ku Bangula:

Takhuta nonse. Ndawerenga kawiri, ndipo usiku ndakambirana ndi anzanga aja.

Mayi a ku Ngabu, sitikusiyani. Zokambirana za tsiku ndi tsiku zikhala pa WhatsApp pamene muli kale, ndipo ma admin tikhala anayi, m'madera osiyana. Ku Mastodon titsegula akaunti imodzi yoti Loweruka lililonse tiziikako mitengo ya sabata ndi zithunzi zofunika, data yake tizisonkherana atatufe. Aphunzitsi, Bluesky tiisiya kaye, poti chimene chatiluma ife ndi kukhala m'manja mwa mmodzi. Zithunzi zonse zizikhalanso pa memory card ziwiri, ina kwa ine, ina kwa mnzanga wa kumtunda ku Sorgin. Agogo, kope ndagula kale.

Achimwene a ku Nchalo, Lachisanu ndikubwera pa minibasi, mudzandithandize kusankha seva ndi kulemba kalata ya kwa admin ija m'Chingerezi. Ndipo ngati alipo muno amene anali pa tsamba lathu ndipo anasunga chithunzi cha nyumba ya ku Makhanga ija, yofolera udzu, pambali pake pali mtengo wa mango, chonde nditumizireni kumbali. Agogowo ndawauza kuti ndikufufuzabe.