Chitukuko cha Kwathu Mangochi: nkhani ya nsanja ya wotchi ija

Mlembi: Moni nonse. Pamsonkhano wa Loweruka tinasiya nkhani ili pakati, ya nsanja ya wotchi ya pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Ganizo ndi loti aliyense asonkhe K5,000 tilambule, tikonze mpanda, tiike kachikwangwani kofotokoza mbiri. Yankhulani tisadzanenane mawa.

Wa ku Joni: Ine ndiye ayi ndithu. Ndalama zanga zothyolera msana kuno ndikakonzere chikumbutso cha Victoria, mfumukazi ya azungu yoti Mangochi sinamupondeko nkomwe?? Kumudzi amayi akudzukabe 4 koloko kukaima pamjigo umodzi. Azikonza a ku London eni agogo awo.

Aphunzitsi opuma: Achimwene mtima pansi. Zoona nsanjayo ndi ya Victoria amene anamwalira 1901, nthawi imeneyo tauni ino inkatchedwa Fort Johnston. Koma mukafikapo muone bwino, pali mfuti yaikulu ija yochokera mu sitima ya Gwendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya ma Jeremani Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Liuli, gombe la ku Tanzania, komanso pali chikumbutso cha sitima ya Vipya imene inamira mu 1946 ndi anthu 145. Ambiri mwa amenewo si azungu ayi, ndi akunyanja konkuno.

Mayi a ku Mpondasi: Aphunzitsi mwandikumbutsa. Agogo anga ankati mlongo wawo anakwera Vipya yomweyo kupita kumpoto, maliro analira opanda mtembo, manda palibe. Tikabwera kuboma kudzagulitsa usipa ankaima pamenepo kaye, dengu lili pamutu, kugwira chikumbutso cha Vipyacho ndi dzanja osalankhula kanthu, ife ana tikungofuna tipite tikadye zitumbuwa. Ine zanga ndipereka, koma za Vipya, Victoria adziwa yekha.

Wa ku Joni: Pepani mayi sindimadziwa zimenezo. Komabe mjigo.

Msungichuma: Mjigo ndi thumba lina bambo, tisasakanize. Ine nkhawa yanga ndi ija ya chaka chatha, tinapatsa munthu ndalama za mabenchi kutsogolo, mpaka lero foni yake imangoti sakupezeka. Ulendo uno ndalama izilowa pa Mpamba kapena Airtel Money ya gulu, a kunja atumize pa Mukuru, risiti iliyonse ndiziponya muno, ndipo mmisiri azilandira akamaliza gawo osati asanagwire fosholo.

Mmisiri wa pa Chimwala: Mwandilasa a msungichuma koma sindine ndinathawa uja haha. Chenjezo langa ndi limodzi, khoma lakale ngati limenelo musalimate simenti. Njerwa zakale zimafuna laimu ndi mchenga kuti chinyezi chizituluka, mukaphoma simenti madzi amatsekeredwa mkati njerwa nkumafumbutuka ngati chigumu, zaka zingapo mudzapeza pulasitala yagwa ndi njerwa zomwe. Penti ya mafuta chimodzimodzi.

Aphunzitsi opuma: Ndiponso sitingangodzuka ndi makwerero. Chimenechi ndi chipilala chotetezedwa ndi boma, tiyenera kulembera kaye a Museums and Monuments ndi a khonsolo, atiuze chomwe tingakhudze. A ku Lake Malawi Museum ali pafupi pomwepo, tiyambire kumeneko kufunsa njira.

Wa ku Joni: Chabwino. Ndiponya yanga koma mulembe mu maminitsi kuti polojekiti yotsatira ndi mjigo, ndipo chikwangwanicho chikhale mu Chichewa ndi Chiyao, osati chizungu chokhachokha choti aziwerenga ma tourist opita ku Cape Maclear.

Mayi a ku Mpondasi: Chiyao ndilemba ine, aphunzitsi mudzangoona sipelo.

Mlembi: Ndalemba. Kalata ndikonza usiku uno, aphunzitsi ndi a mmisiri tikumane Lachiwiri 9 koloko pa nsanja pomwepo, mubwere ndi tepi. Amene simunayankhe tikukuonani kuti mwawerenga.