Kagalu kofooka kaja kapulumuka

Masabata atatu apitawo ndinafunsa za galu wanga amene anaswa ana 7, koma kamodzi kamangolira osayamwa. Ndabwera kudzakuuzani kuti kali moyo, ndipo mtima wanga wakhala pansi.

Inu amene munati ndiyambe ndakafunditsa ndisanakayamwitse, munanena zoona. Kagalu kongobadwa kumene sikatha kudzitenthetsa, ndipo kakazizidwa, m'mimba mwake simugaya mkaka. Ndinakulunga botolo la madzi ofunda m'kansalu n'kukagoneka pafupi. Katafundidwa, ndimachotsa kaye anzake n'kukaika pa bere lakumbuyo, lomwe limakhala ndi mkaka wambiri, maola awiri aliwonse, usiku womwe. Tulo ndinaliiwala. Mkaka wa ng'ombe sindinakapatse chifukwa umatsegula m'mimba.

Maso kanatsegula pa tsiku la 14, anzake atatsegula kale. Onse anamwa mankhwala a njoka za m'mimba atakwana masabata awiri, ndipo ndikubwereza pakatha masabata awiri.

Tsopano ayamba kunyambita chakudya chofewa. Katemera woyamba adzabayidwa pa masabata 6, ndipo palibe amene achoke kwa amake asanakwane masabata 8, ngakhale anthu akundivutitsa kuti ndiwagawire msanga.